Sulphate ili ndi minus 2, nanga bwanji powerenga ma elekitironi tikuwonjezera m'malo mochotsera?

Wa Fomu 3
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni, mutu waima. Tapatsidwa ntchito yojambula ma ion anayi (magulu a ma atomu okhala ndi chaji) ndi timadontho tija toimira ma elekitironi: ammonium NH₄⁺, nitrate NO₃⁻, carbonate CO₃²⁻ ndi sulphate SO₄²⁻. Akuti tisanajambule tiyambe tawerenga ma valence electron onse. Pa sulphate ine ndapeza 28. Ndachita chonchi: sulphur 6, ma okosijeni anayi 6 × 4 = 24, pamodzi 30, kenako ndachotsa 2 chifukwa pamwamba alemba 2 ndi minus. Mnzanga amene ndimakhala naye desiki imodzi akuti ndi 32, koma chifukwa chake sakuchidziwa, akungoti ndi mmene zilili m'kope la mkulu wake. Ndafufuta mpaka pepala labooka, ma okosijeni awiri akungotsala osakwana.

Wobwereza Fomu 4
Asisi, sulphate ndi 2, carbonate 2, nitrate 1, ammonium 1. Ife tinaloweza pa tebulo la ma radical lija. Za 28 ndi 32 zikuchokera kuti?

Aphunzitsi Opuma
Ayi mwana wanga wa Fomu 4, zimene wanenazo ndi valency. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ana ambiri amapunthwa pomwepo chifukwa mawuwo akumveka ngati amodzi. Valency imakuthandiza polemba fomula, kuti udziwe kuti sodium afunika awiri pa sulphate imodzi. Ma valence electron ndi ma elekitironi amene ali mu shell yakunja kwenikweni ya atomu. Taona okosijeni: valency yake ndi 2, koma kunja ali ndi ma elekitironi 6. Funso la mnzakoyu ndi la chachiwirichi.

Tsono iwe wa Fomu 3, mnzako walondola, ndi 32. Koma usalembe chifukwa choti ndanena ine. Tenga pepala lina, uwerenge nane.

Iwalako kaye za kunja, tiwerenge zonse. Sulphur ali ndi ma proton 16. Okosijeni aliyense ali ndi 8, anayi ndi 32. Pamodzi ma proton 48, ndipo awa sasuntha, ali m'kati mwenimweni. Proton iliyonse ndi plus imodzi, elekitironi iliyonse ndi minus imodzi. Kuti gulu lonseli likhale ndi chaji ya 2−, ma elekitironi akhale angati? Ayenera kuposa ma proton ndi awiri, kutanthauza 50. Iwe unachotsa awiri, unatsala ndi 46 poyang'anizana ndi ma proton 48. Pamenepo ochuluka ndi a plus, ndiye kuti unapanga 2+, chinthu chosemphana ndi chimene anakufunsa.

Pa 50 aja chotsapo a m'kati amene salowerera nawo za ma bond, kulumikizana kwa ma atomu. Ma elekitironi a sulphur m'ma shell ake ndi 2.8.6, a m'kati ndi 10. Okosijeni ndi 2.6, a m'kati ndi 2, kwa anayi ndi 8. Pamodzi 18. Ndiye 50 − 18 = 32.

Wa Fomu 3
Eee aphunzitsi, ndawerenga kawiri, zikutulukadi 32. Ndiye kuti minus ija sikutiuza zochita, ikungotiuza mtundu wa zinthu zimene zachuluka?

Aphunzitsi Opuma
Wagwira pamutu pake. Si chizindikiro cha samu, ndi dzina la chaji.

Wa ku Koleji
Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene anena aphunzitsi. Ine chimene chinandimasula ndi kuganiza za ngongole. Tenga elekitironi iliyonse ngati ngongole ya K1,000, proton iliyonse ngati K1,000 ya m'thumba. Munthu amene buku lake likusonyeza minus K2,000, ngongole zake zachepa kapena zachuluka? Zachuluka. Kuti ufike ku minus, umawonjezera ngongole. Kuti ufike ku plus, umachotsa ngongole. Ammonium ili ndi plus chifukwa ma elekitironi ake akuchepa ndi imodzi poyerekeza ndi ma proton.

Ndipo kusokonezekaku si vuto la mutu wako chemwali, kuli ndi mbiri yake. Mayina akuti positive ndi negative pa nkhani ya magetsi anawayambitsa Benjamin Franklin ku America cha m'ma 1740, nthawi imene panalibe munthu wodziwa kuti kuli kanthu kotchedwa elekitironi. J. J. Thomson anadzaitulukira mu 1897 ku Cambridge, mayina atakhazikika kale, ndipo zinapezeka kuti kanthu kamene kamayendako ndi kamene kali mbali ya negative. N'chifukwa chake mpaka lero kulandira kumalembedwa ndi minus.

Wa Fomu 3
Zamveka achimwene. Koma awiri owonjezerawo achokera kuti? Sangangogwa kumwamba.

Wa ku Koleji
Funso labwino kwambiri limenelo. Ion siyenda yokha, penapake pali amene wataya. Mu sodium sulphate, ma sodium awiri apereka imodzi imodzi. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi asidi wa mu batire la galimoto, H₂SO₄. Werenga a kunja: hayidirojeni awiri 2, sulphur 6, okosijeni 24, pamodzi 32. Asidiyu akalowa m'madzi, hayidirojeni amachoka ngati H⁺, kutanthauza kuti wachoka chimanjamanja, elekitironi yake waisiya komweko. Achoka awiri, asiya awiri. Otsala ndi SO₄ ndi ma elekitironi 32 omwe aja, palibe yatayika. Zimene zachoka ndi ma proton awiri basi, n'chifukwa chake chotsalacho chapendekera ku minus kawiri.

Wobwereza Fomu 4
Pepani ndibwerere m'mbuyo. Periodic table ya pa foni yanga ikuti okosijeni ali mu group 16, nayitirojeni 15. Inu mukuti 6 ndi 5. Yolondola ndi iti?

Aphunzitsi Opuma
Zonse. Mabuku amene tinaphunzitsira ife amalemba magulu kuyambira I mpaka VIII, ndipo nambala ya gulu ndiyo ma elekitironi akunja. Ya pa foniyo ikuwerenga mizere yonse 18, kuphatikizapo khumi ya zitsulo za pakati zija. Kuyambira 13 mpaka 18 ungochotsa 10. Pa ntchito imeneyi sunga izi m'mutu: H 1, C 4, N 5, P 5, O 6, S 6, Cl 7.

Wa Fomu 3
Ndayesa zinazo. NH₄⁺: 5 + 4 − 1 = 8. NO₃⁻: 5 + 18 + 1 = 24. CO₃²⁻: 4 + 18 + 2 = 24. Koma ndikukayika, nitrate ndi carbonate zingafanane bwanji?

Aphunzitsi Opuma
Zonse zitatu wakhoza. Kufananako usakuope. Kaboni amachepa ndi elekitironi imodzi poyerekeza ndi nayitirojeni, koma chaji yake yawonjezera imodzi, ndiye zakumana. Ndipo zinthu zofanana chiwerengero chonchi zimafanananso maonekedwe: zonse ziwiri ndi zaphwatalala, atomu imodzi pakati, ma okosijeni atatu atatalikirana mofanana ngati mafuwa. Chimodzimodzi ammonium ndi methane, CH₄: 4 + 4 = 8, ndipo maonekedwe ndi amodzi.

Pa ammonium pali njira ina yoonera, imene imabwera kawirikawiri pa mayeso. Ammonia, NH₃, ali ndi 5 + 3 = 8. Asanu ndi imodzi ali mu ma bond atatu, awiri atsala pa nayitirojeni opanda ntchito. H⁺ akubwera alibe kanthu, 0. Nayitirojeni akupereka awiri onse a bond yachinayi, ndiyo dative bond ija. 8 + 0 = 8, chimodzimodzi ndi 5 + 4 − 1. Ikangopangika, bond yachinayiyo sungaisiyanitsenso ndi zinzake zitatu.

Ukajambula usaiwale kutsekera chithunzi chonse m'mabulaketi a makona, chaji n'kuilemba kunja pamwamba. Ndachongapo mapepala ambiri a ana amene anajambula bwinobwino koma n'kuluza malikisi pa kachinthu kameneka. Chajiyo ndi ya gulu lonse.

Wogulitsa Feteleza
Ine ndinalowa m'gulu muno chifukwa cha mwana wanga, koma lero mwafika pa katundu wanga. Ammonium ndi sulphate mukunenazi, kodi si zomwe zili pa thumba la SA? Nanga CAN?

Wa ku Koleji
Zomwezo bambo. SA ndi ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄. Ma ammonium awiri, iliyonse ndi plus imodzi, kukumana ndi sulphate imodzi ya minus ziwiri, chaji n'kukwanirana. Muli nayitirojeni 21 pa 100 iliyonse ndi sulphur 24. Mu CAN muli ammonium nitrate, ndiye kuti nayitirojeni alimo kawiri, wina mu ion ya plus, wina mu ya minus. Ndipo kachizindikiro kamene kavutitsa chemwaliyu kali ndi ntchito m'munda. Tinthu ta dongo ndi manyowa m'nthaka nthawi zambiri timakhala ndi chaji ya minus, ndiye timagwira ammonium, pomwe nitrate sitiigwira kwenikweni. Mvula ikagwa yamphamvu, nitrate ndi imene imayamba kutsika ndi madzi kupitirira mizu. Urea ndi wosiyana, iye si ion, ndi molekyulu yopanda chaji, ali ndi nayitirojeni 46 pa 100. Amasanduka ammonium akalowa m'nthaka.

Wogulitsa Feteleza
Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alimi kuti wobereketsa asathire mvula ya mkuntho ili pafupi, koma ndimangodziwa kuti amakokoloka. Zikomo achimwene. Pitirizani ndi ana.

Wa Fomu 3
Aphunzitsi, nitrate yandikanikanso pojambula. Ndaika N pakati, ma bond atatu adya 6. Atsala 18, ndagawa 6 kwa okosijeni aliyense, atha. Koma N ali ndi 6 okha, ndipo m'manja mulibe kanthu. Ndiwonjezere awiri?

Aphunzitsi Opuma
Usayerekeze. Apa ndi pamene pali phindu lowerenga usanajambule. 24 ndiwo ufa umene uli m'nyumba, sukabwereka kwa aneba. Tenga awiri kwa okosijeni mmodzi mwa amene ali nawo kale, uwasunthire pakati pa iye ndi N. Yakhala double bond. Okosijeniyo sanaluze, akuwawerengabe ngati ake, koma tsopano N wafika 8. Werenganso: ma bond 8, okosijeni wa double bond 4, enawo 6 ndi 6. Pamodzi 24.

Ukandifunsa kuti double bond ipite kwa okosijeni uti, yankho ndi loti aliyense. Akayeza ion yeniyeni amapeza kuti ma bond onse atatu ndi otalika mofanana. Awiri aja sakhala malo amodzi, amwazikira pa ma bond onse atatu. Cholembera chathu ndi chimene chikulephera kujambula zimenezo pa chithunzi chimodzi, n'chifukwa chake m'mabuku amajambula zitatu n'kuika mivi pakati, amati resonance. Carbonate uchite chimodzimodzi, sizisiyana.

Mayi a ku Nkhata Bay
Carbonate imeneyi ndi yomwe ili mu soda wothira mu therere?

Wa ku Koleji
Ndi apachibale mayi. Soda wa mu therere ndi mu chigumu ndi sodium hydrogencarbonate, ion yake ndi HCO₃⁻. Carbonate yeniyeni ili mu chidulo chimene amatcheza kuchokera ku phulusa, mmene muli potassium carbonate wambiri, komanso mu miyala ya laimu ndi m'zikamba za mazira. Chemwali, yesa kuwerenga HCO₃⁻.

Wa Fomu 3
1 + 4 + 18 + 1 = 24 kachiwiri! Ndi nkhani ya batire ija, H⁺ wabwera chimanjamanja, ndiye chiwerengero sichinasinthe.

Wa ku Koleji
Ndendende. Ungokumbukira kuti H ameneyo amamatira pa okosijeni, osati pa kaboni, ngakhale polemba fomula ali moyandikana ndi C.

Wobwereza Fomu 4
Ine ndabwerera ku sulphate. Ndaika ma bond anayi, 8, otsala 24 ndagawa 6 kwa aliyense. Aliyense ali ndi 8, sulphur nayenso 8, zatha bwinobwino popanda double bond. Koma buku limene ndili nalo lajambula ma double bond awiri. Ndiye ndalakwitsa pati?

Aphunzitsi Opuma
Sunalakwitse powerenga, koma chithunzi cha m'bukucho ndi chimene ife tinaphunzitsa zaka zonse, ndipo chili ndi chifukwa chake. M'kujambula kwako, sulphur wazunguliridwa ndi ma bond anayi okha. Ukagawa bond iliyonse pakati, iye akutsala ndi 4 pomwe anabwera ndi 6, ndiye akuoneka ngati ali ndi 2+, ndipo okosijeni aliyense ali ndi minus imodzi. Pamodzi ndi 2− ndithu, koma chaji zamwazikana kwambiri. Ukaika ma double bond awiri, sulphur akubwerera pa 0, ma okosijeni awiri pa 0, minus zikutsala pa awiri okha. Sulphur ali mu period yachitatu, mzere wachitatu wopingasa wa periodic table, amaloledwa kupitirira 8, apa wafika 12. Nayitirojeni ndi kaboni sangatero.

Wa ku Koleji
Aphunzitsi, apa mundilole ndisiyane nanu pang'ono, mwaulemu. Chithunzi cha mnyamatayu si chachiwiri kwa cha m'buku. Gilbert Lewis, mwini wake wa timadonthoti, mu 1916 anajambula sulphate chonchi, atomu iliyonse ndi 8, popanda double bond. Za ma double bond zinadza pambuyo ndi Linus Pauling, pofuna kufotokoza chifukwa chake ma bond a S ndi O ndi afupi kuposa single bond wamba, poganiza kuti sulphur amagwiritsa ntchito malo ena a ma elekitironi otchedwa ma d orbital. Koma kuwerengera kwa pa kompyuta kwa masiku ano kukusonyeza kuti ma d orbital amenewo salowererapo kwambiri, ndipo sulphur alidi ndi plus yaikulu pakatipo. Kufupikako kumabwera kwambiri chifukwa plus ya pakati ndi minus za kunja zikukokana. Ndiponso ma bond onse anayi ndi ofanana, kutalika kwake pafupifupi 149 pm (ma picometre, muyeso wa tinthu tochepetsetsa) iliyonse, pomwe chithunzi cha m'buku chimapangitsa mwana kuganiza kuti awiri ndi afupi, awiri ndi atali.

Aphunzitsi Opuma
Sindikukana achimwene, inu muli pafupi ndi zatsopano kuposa ine. Za kufanana kwa ma bond tinkazifotokoza ndi resonance yomwe ija. Nkhawa yanga ndi mwana amene akulowa m'chipinda cha mayeso. Wochonga ali ndi pepala la mayankho patsogolo pake. Ine ndingamuuze kuti ajambule mmene buku la kusukulu kwake lajambulira, koma adziwe kuti china chija si cholakwika.

Wa ku Koleji
Pamenepo tagwirizana. Chimene sindifuna ndi choti mwana amene wawerenga bwino n'kufika pa yankho la Lewis mwini wake auzidwe kuti sadziwa kanthu. Zinandichitikira ndili Fomu 3, anandidula ndi cholembera chofiira popanda kundiuza chifukwa, ndipo ndinakhala teremu yonse ndikuganiza kuti kuwerenga kwanga ndi kumene kunali kolakwika.

Komanso taonani chinthu chokoma apa. Kaya muike ma double bond awiri, kaya osaika, chiwerengero ndi 32 basi. Chifukwa chake n'chakuti okosijeni aliyense wa kunja amafuna 8, ndipo ma elekitironi onse a mu ma bond amawerengedwa kale mu 8 ameneyo. Ma okosijeni anayi, 4 × 8 = 32. Nitrate ndi carbonate, 3 × 8 = 24. Phosphate, PO₄³⁻, 5 + 24 + 3 = 32, ma okosijeni anayi, zakwana. Chemwali, 28 yako ija sikanatheka ngakhale ukanafufuta mpaka m'mawa, chifukwa ma okosijeni anayi sangakhute ndi ochepera 32.

Ndiye ukapeza chiwerengero, chigawe ndi 8. Chikagawika chonse, atomu ya pakati ilibe otsalira. Pakatsala 2, imeneyo ndi lone pair ya pa atomu ya pakati. Yesani sulphite, SO₃²⁻, ndi nitrite, NO₂⁻.

Wobwereza Fomu 4
Sulphite: 6 + 18 + 2 = 26. Ma okosijeni atatu adya 24, atsala 2, akhala pa sulphur. Nitrite: 5 + 12 + 1 = 18, awiri adya 16, atsala 2 pa N. Achimwene, chaka chatha chonse palibe anandionetsa zimenezi. Ine ndimaloweza zithunzi.

Aphunzitsi Opuma
Njira imeneyi ndi yabwino, koma muisamale. Imagwira pamene ma atomu onse a kunja akufuna 8 ndipo onse amatira pa atomu imodzi ya pakati. Hayidirojeni amakhuta ndi 2, ndiye pa NH₄⁺ kapena H₃O⁺ muziwerengera 2 pa H aliyense. H₃O⁺ ndi 3 + 6 − 1 = 8, ma H atatu adya 6, awiri atsala pa okosijeni.

Ndiwonjezere chenjezo langa la kale. Ukapeza nambala yosagawika ndi 2, monga 23 pa nitrate kapena 9 pa ammonium, ima kaye, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti waiwala chaji. Zilipo zinthu zochepa zimene zilidi choncho, monga mpweya wa NO₂ umene uli ndi 17, koma mu ma ion a magulu ngati awa amene mumakumana nawo ku sekondale ma elekitironi amayenda awiriawiri. Ndipo taonani kuti NO₂ ndi NO₂⁻ zikusiyana ndi elekitironi imodzi yokha, koma china ndi mpweya wofiirira woipa m'mapapo, china ndi ion ya mu mtundu wina wa mchere woyera, osati wothira m'ndiwo uja.

Mayi a ku Nkhata Bay
Ndifunseko kamodzinso. Kwathu chinangwa chowawa timachiviika m'madzi masiku angapo tisanayanike kuti tipange kondowole, ndipo a zaumoyo amati ndi chifukwa cha cyanide. Nayo ndi ion ngati zimenezi?

Wa ku Koleji
Eya mayi, CN⁻, ma atomu awiri okha. M'chinangwa simukhala cyanide yoyenda payokha, mumakhala mankhwala otchedwa linamarin. Chinangwa chikafewa m'madzi kapena kuphwanyika, linamarin amasweka n'kutulutsa hydrogen cyanide, amene amachoka ndi madzi komanso kuuluka poyanika. Chowawa chili ndi wambiri kuposa chozuna. Chemwali, iyi ikhale yako. Njira ya 8 ija siigwira apa chifukwa palibe wa pakati, ndiye uwerenge ndi kujambula wekha.

Wa Fomu 3
4 + 5 + 1 = 10. Ndayamba ndi bond imodzi, 2, atsala 8. Ndapatsa N 6, C 2, ndiye C ali ndi 4 okha. Ndasuntha awiri kuchoka kwa N, C wafika 6. Ndasunthanso ena awiri, wafika 8. Ndiye pakati pali ma bond atatu, 6, lone pair imodzi pa C ndi imodzi pa N, 4. Pamodzi 10, sindinabwereke kwa aneba. Ndatsekera m'mabulaketi, minus kunja.

Aphunzitsi Opuma
Wakhoza mwana wanga. Tsono werenga N₂, mpweya umene wadzaza mlengalenga muno, undiuze wapeza angati.

Wa Fomu 3
5 + 5 = 10. Ma bond atatu pakati, lone pair uku ndi uku. Ndi chithunzi chomwechija aphunzitsi, kungoti N mmodzi walowa m'malo mwa C ndi minus yake. Ndiye kuti pa cyanide minus ija ili kwa kaboni, chifukwa ndikagawa ma bond pakati iye akukhala ndi 5 pomwe anabwera ndi 4?

Aphunzitsi Opuma
Kwa kaboni, inde. Jambula sulphate ija pa pepala latsopano ndi 32, unditumizire chithunzi ndione musanakapereke mawa.